Zolemba za ntchito: bandeji ya hydrogel yomata pakhungu lonyowa, Harare

Epulo

Cholinga chathu ndi bandeji ya hydrogel, gel wofewa wosunga madzi ambiri mkati, ya mabala a moto ndi zilonda za matenda a shuga. Pakati pake pazikhala ponyowa koma posamata, m'mphepete muzigwira khungu popanda pulasitala, ndipo tsiku losintha likafika izichoka osasupula munthu. Anamwino a m'wodi ya opsa ndi moto amene akutithandiza nzeru anatchula madandaulo awiri: pulasitala amamatuka thukuta likangoyamba, ndipo nsalu ya gauze ikaumira pabala imachoka ndi mnofu watsopano umene unayamba kumera. Zoti bala losungidwa lonyowa limapola msanga kuposa louma anazionetsa George Winter mu 1962 poyesa pa nkhumba, ndiye pamenepo palibe chokangana. Nkhani ili pa kumata.

Guluu wa m'chipatala alipo kale, koma aliyense ali ndi chilema chake. Wa fibrin, monga Tisseel, thupi limamulandira bwino koma ndi wofooka. Wa cyanoacrylate, monga Dermabond, ndi wotsekera bala loduka bwino lomwe milomo yake yakumana. Akauma amalimba, sapindika limodzi ndi khungu. BioGlue ali ndi glutaraldehyde, yomwe imapweteka maselo. DuraSeal, amene amagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni ya m'mutu, amatupa akamwa madzi, mpaka pepala la malangizo ake limachenjeza kuti asaikidwe pamalo opanikizika pomwe padutsa mitsempha.

Njira yomwe tikuyambirapo ndi ya Jianyu Li, David Mooney ndi anzawo a ku Harvard, yomwe inatuluka mu Science mu 2017. Anatengera nzeru kwa nkhono yopanda chigoba yotchedwa Arion subfuscus, imene ikaopsezedwa imatulutsa zonanda zomata kwambiri. Guluu wawo ali ndi zigawo ziwiri: gel wolimba amene amameza mphamvu akamakokedwa m'malo mong'ambika, ndi polima (mankhwala a maunyolo aataliatali) yolumikiza, monga chitosan wochokera ku zigoba za nkhanu, yomwe imalowerera mu gel ndi mu mnofu nthawi imodzi. Anapeza mphamvu yomata yopitirira 1000 J/m² pa minofu yonyowa.

Tipanga magel awiri. Gel A ndi wa alginate (polima yochokera ku zomera za m'nyanja) ndi polyacrylamide (polima yopangidwa polumikiza acrylamide). Ameneyu ndi woyezerapo chabe, sadzafika pa wodwala, chifukwa acrylamide yotsalira mkati imawononga mitsempha ndipo IARC, bungwe la WHO lofufuza za khansa, linaiika m'gulu 2A la zinthu zomwe zingayambitse khansa. Gel B ndi wa PVA (polima yotchedwa polyvinyl alcohol) ndi alginate, wolimbitsidwa ndi kuzizira komanso calcium popanda mankhwala ena omangira ukonde. Chiyembekezo chathu chili pa B.

Meyi

Kapangidwe ka gel A monga tikuchitira pano. Sodium alginate magalamu 2 ndi acrylamide magalamu 12 mu madzi mamililita 100, kutakasa usiku wonse. Pa mamililita 10 a msanganizowu timathira 36 µl a MBAA wa 2% (womangira maunyolo kukhala ukonde) ndi 8 µl a TEMED (wofulumizitsa kugwira kwa gel) mu sirinji imodzi. Mu sirinji ina timaika 226 µl a ammonium persulfate wa 6.6% (woyambitsa kulumikizana kwa acrylamide) ndi 191 µl a calcium sulfate wa 0.75 M. Timalumikiza masirinji awiriwo, kukankhirana uku ndi uku mofulumira kwa masekondi ochepa, n'kuthira pakati pa magalasi awiri olekanitsidwa ndi mphira wokhuthala 1.5 mm. Amagona usiku umodzi. Ufa wa acrylamide uyezedwe mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa), magolovesi ndi chophimba kumphuno zili pathupi, chifukwa imalowa ndi pakhungu pomwe.

Zitatu zatisokoneza mwezi uno.

Choyamba ndi madzi. Nyumba zambiri kuno zimadalira borehole, ndipo madzi ake amakhala ndi calcium ndithu. Alginate ikakumana ndi calcium imagwirana pomwepo, ndiye msanganizo umatuluka ndi tinthongo tosasungunuka ngakhale utakasidwe mpaka mawa. Ngakhale kutsukuluza botolo ndi madzi a pampopi n'kusaumitsa kumabweretsa vutoli. Lamulo tsopano: chilichonse chokhudza alginate chitsukuluzidwe komaliza ndi madzi a deionised, ochotsedwa calcium ndi michere ina.

Chachiwiri ndi kathiridwe ka ufa. Alginate ithiridwe ngati ufa wa phala, pang'onopang'ono madzi akuzungulira kale. Mukaikhuthula kamodzi imapanga mibulu yonyowa kunja, youma mkati.

Chachitatu ndi mpweya. Okosijeni imaletsa acrylamide kulumikizana kukhala maunyolo aatali. Pamene galasi silinatseke bwino, m'mbali mwa gel mumatsala monanda, ndipo wina angaganize kuti kunandako ndiye kumata kumene tikufuna. Ayi, ndi acrylamide yosapsa, chinthu chomwe tikuchithawa. Timadula ndi kutaya 5 mm kuzungulira m'mphepete monse.

Wina anafunsa chifukwa chake sitikugwiritsa ntchito calcium chloride yomwe ili yodzaza pashelefu. Imasungunuka msanga kwambiri, ndiye alginate imaundana mu sirinji musanathire. Calcium sulfate imasungunuka pang'ono chabe, magalamu awiri ndi kanthu pa lita, ndipo kuchedwa kwakeko ndi kumene kumatipatsa mpata wothira. Botolo lake ligwedezedwe nthawi iliyonse musanatunge, apo ayi mutunga madzi okhaokha ufa utakhala pansi.

Juni

Chisanu chalowa, ndipo m'mawa labotale imazizira mpaka gel A amachedwa kugwira. Osawonjezera persulfate pofuna kuthamangitsa: maunyolo amatuluka aafupi, gel amafooka. Tikuika magalasi mu incubator pa madigiri 25, ndipo persulfate tikusungunula watsopano tsiku lomwelo, chifukwa akakhalitsa m'madzi amatha mphamvu.

Makina oyezera akonzeka. Tikutsata muyezo wa ASTM F2256, kusenda kooneka ngati T, pa liwiro la 100 mm pa mphindi. Kansalu ka gel n'kotambalala 15 mm, ndipo kumsana kwake timamatako pepala lopyapyala la pulasitiki ya PET ndi cyanoacrylate kuti gel asatamuke. Akatamuka, makina amawerenga mphamvu yotambasula gel m'malo mwa yomatula. Kawerengedwe: mphamvu pamene mzere wa pa kompyuta wakhazikika, kuchulukitsa kawiri, kugawa ndi kutambalala. Mwachitsanzo, 3 N pa 0.015 m ndi 400 J/m². Nambala yokha sikwanira. Aliyense alembenso mmene wamatukira. Ngati khungu la nkhumba lomwe tikuyeserapo latsala loyera, chalephera ndi cholumikiza. Ngati pakhungu patsala zidutswa za gel, cholumikiza chagwira, wang'ambika ndi gel.

Pa gel A poyamba khungu linkatsala loyera nthawi zonse, ngakhale tinathira EDC ndi sulfo-NHS, mankhwala omangira chitosan ku gel ndi ku mnofu, 12 mg pa mililita chilichonse, mu chitosan wa 2%. Gwero lake ndi asidi wosungunulira. Chitosan anasungunulidwa mu acetic acid wa 1%, monga amachitira ambiri. Koma ntchito ya EDC ndi kugwira magulu a carboxyl n'kuwalumikiza ku magulu a amine, ndipo acetic acid nayenso ali ndi carboxyl. EDC ankathera pa asidiyo asanafike pa alginate kapena pa mapuloteni a khungu. Titasungunula chitosan ndi HCl wochepa, n'kukweza pH (muyeso wa asidi, umene ukakwera asidi wachepa) mpaka pafupifupi 6 ndi NaOH dontho ndi dontho, gel anayamba kung'ambika yekha n'kusiya zidutswa pakhungu, monga zimayenera kukhalira. Mukapitirira 6.5 chitosan amachita mitambo yoyera n'kugwa pansi, ndiye madonthowo akhale aang'ono. PBS, madzi a mchere okhala ndi phosphate, nayonso isayandikire: phosphate imafooketsa EDC ndipo imalanda calcium wa mu gel. EDC asungidwe pa -20 m'botolo louma, lisatsegulidwe lisanafunde, ndipo asakanizidwe nthawi yopaka yomweyo. Tikapaka timapanikiza kwa mphindi 30.

Julayi

Gel B. PVA ya 99% hydrolysed, magalamu 10 mu mamililita 100, kusungunula pa madigiri 90 botolo lili lovundikira. Kuno ku Harare madzi amawira cha pa madigiri 95 chifukwa tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, ndiye mpata pakati pa kusungunuka ndi kuwira ndi wochepa; akawira amachita thovu lomwe limatsala mu gel ngati timabowo, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Ikazizirako timaisakaniza ndi alginate wa 2%, magawo atatu a PVA pa gawo limodzi la alginate, kuisiya usiku kuti thovu likwere, kuthira m'mbale, kenako kuiumitsa pa -20 kwa maola 16 ndi kuisungunula pa kutentha kwa m'chipinda kwa maola 8, maulendo atatu. Madzi akamaundana amakankhira maunyolo a PVA pamodzi, ndipo pomwe akhudzana amapanga timfundo tolimba tomwe sitimasuka ayezi akasungunuka. Pomaliza timamviika mu calcium chloride wa 2% kwa mphindi 30, n'kutsukuluza.

Magetsi akazima usiku firiza imafunda, kenako imazizanso akayaka. Kwa gel B umenewo ndi ulendo wowonjezera womwe palibe walemba, ndipo ulendo uliwonse umamuumitsa n'kumuyeretsa. Magel a mlungu umodzi ankasiyana kulimba popanda chifukwa chooneka mpaka tinaika kachipangizo kolemba kutentha mufiriza. Tsopano firiza ili pa batire la sola, mkati mwake muli mabotolo a madzi oundana osungira kuzizira, ndipo gulu lililonse lomwe mzere wa kutentha waonetsa kuti linafunda limatayidwa.

B ndi wofooka pomata poyerekeza ndi A, ndipo sitinadabwe. Ukonde wake ndi wothina, chitosan salowa patali, ndipo PVA ilibe carboxyl yoti EDC agwirepo. Koma tikumbukire chomwe tikupanga. Bandeji siikutseka mtima wobooka. Gel A wa EDC titamuika pa mwendo wa agogo a shuga, omwe khungu lawo ndi lopyapyala kale, pochotsa tingawapatse bala lachiwiri. Takambirana ndipo EDC tamuchotsa pa gel B. Ndi mankhwala oyabwa omwe sitingapatse namwino kuti azisakaniza pambali pa bedi. Titsala ndi chitosan yekha.

Ogasiti

Mwezi uno ndi umene wasintha ntchito yonse.

Chitosan yekha amamata mwa njira yomwe gulu la Zhigang Suo linafotokoza mu 2018. Ali mu asidi, maunyolo ake amasambira momasuka n'kulowa mbali zonse ziwiri. pH ikakwera kupitirira 6.5 amagwirana okhaokha n'kupanga ukonde wachitatu wosokerera gel ku mnofu. Palibe mankhwala ena. Chofunika n'chakuti pakhale chokweza pH chitosan atalowa kale.

Apa ndiye pali msampha. Mkati mwa thupi pH ndi 7.4, ndipo zilonda zokhalitsa kawirikawiri zimakhala pamwamba pa 7, zina mpaka kupitirira 8. Koma pamwamba pa khungu labwinobwino pali asidi, pH yake ili cha pa 5. Ndiye chitosan, mukamusiya yekha, amagwira zolimba pabala penipeni pomwe sitikufuna, n'kukhala wamadzimadzi pakhungu lozungulira pomwe tikufuna agwire. Bandeji yotereyi ingachite zomwe gauze amachita kale.

Pa khungu la nkhumba lomwe tinkayesera vutoli silinkaoneka, ndipo chifukwa chake n'chofunika kulemba. Khungu la kubutchala limakhala litathiridwa madzi otentha pochotsa ubweya, ndiye kachikopa kapamwamba kamakhala katapita. Tikalisunga m'madzi a mchere mufiriji, asidi yense wapamwamba amatsukika. Chomwe tinkamatapo chinali chofanana ndi bala kuposa khungu la munthu wamoyo, ndipo zotsatira zinkaoneka zokoma kuposa zoona. Tsopano timapempha khungu losawawula kwa ophera nkhumba, timameta tokha ndi makina ometera, kuchotsa mafuta a pansi, ndi kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo kapena lotsatira. Tisanamate timapukuta pamwamba ndi buffer (madzi osunga pH pamalo amodzi) wa pH 5 n'kuyeza ndi pepala la pH. Titachita zimenezi gel B anangosendeka, khungu loyera, chitosan akadali woterera.

Yankho ndi loti gel mwiniwakeyo anyamule chokwezera pH. Mphepete mwa bandeji timamviika mu buffer wa HEPES wa 25 mM pa pH 7.4, wokhala ndi calcium pang'ono. Phosphate ndi bicarbonate sizingatheke chifukwa zonse zimagwetsa calcium. Chitosan akapakidwa pakhungu n'kuphimbidwa ndi gel, buffer amatuluka pang'onopang'ono n'kumugwiritsa. Mlingo wake ndi wovuta. Buffer akachuluka, chitosan amaundana pamwamba pa gel asanalowe, n'kupanga kachikopa komwe kamasendeka mosavuta. Akachepa, asidi wa khungu amapambana. Palinso china chopanga kachikopa komweko: chitosan ali ndi chaji ya positive, alginate ya negative, ndiye zikakumana zimakokana pomwepo pamwamba. Kuchepetsa alginate m'mphepete kukhala gawo limodzi pa magawo asanu kwathandiza. Kupaka chitosan mopyapyala kwathandizanso. 1 µl pa 1 mm² ndi wochuluka kale, wotsalayo amangokhala ngati mafuta pakati.

Pakati pa bandeji sipapakidwa chitosan n'komwe. Tasiya mpata wa 10 mm pakati pa mlomo wa bala ndi pomwe chitosan ayambira, chifukwa popanikiza amafalikira mkati.

Seputembala

Kutupa. Tikuyesa mu Solution A ya muyezo wa EN 13726, yoyerekeza madzi otuluka m'bala: sodium chloride magalamu 8.298 ndi calcium chloride dihydrate magalamu 0.368 pa lita, pa madigiri 37. M'madzi a mchere wamba opanda calcium, sodium amalowa m'malo mwa calcium mu alginate, gel amafewa n'kutupa, ndipo kutupako kumakoka mzere womata mpaka mphepete kutukuka. Pa izi B akuposa A kutali, chifukwa timfundo ta PVA sitisamala za mchere. A amatupa mpaka kupiringizika.

Kupha tizilombo ndiye mutu ukupweteka. Autoclave, poto wa nthunzi wophera tizilombo, imadula maunyolo a alginate ndi chitosan. Msanganizo umatuluka wamadzimadzi. Gel B wathunthu sangalowemo, chifukwa timfundo ta PVA timasungunuka ndi kutentha. Sefa ya 0.22 µm imatsekeka ndi alginate wa 2%. Zomwe tikuchita: PVA yosungunula imalowa mu autoclave, alginate ndi chitosan timazisungunula mopyapyala pa 0.5%, kusefa, kuumitsa ndi freeze dryer, n'kusungunulanso pa mlingo womwe tikufuna m'madzi opanda tizilombo. Kusakaniza ndi kuthira konse kumachitikira mu laminar hood, kabati ya mpweya wosefedwa. Ndi njira yaitali, yoyenera labotale, osati fakitale.

Chenjezo kwa aliyense wogwiritsa ntchito kapoto kakang'ono ka nthunzi kokhala ndi chitsulo cholemera pamwamba. Chitsulocho chimasunga 15 psi pamwamba pa mpweya wakunja. M'mphepete mwa nyanja zimenezo zimapereka madigiri 121. Kuno mpweya wakunja ndi wopepuka, pafupifupi 85 kPa, ndiye mkati mumafika cha pa 118 basi, ndipo mphindi 15 za m'buku sizikwana. Tepi yosintha mtundu imangosonyeza kuti munatentha, osati kuti tizilombo tafa. Muziikamo kabotolo ka Geobacillus stearothermophilus, tizilombo tosafa msanga ndi kutentha, kuti muone ngati tafa.

Okutobala

Kutentha kwafika ndipo gel wosaphimba amauma m'mphepete masana asanathe, n'kukwinyika, n'kudzimatula yekha. Kumsana taikako pepala lopyapyala la polyurethane lomwe limatulutsa nthunzi koma osalowetsa madzi. Glycerol wa 10% amachedwetsa kuuma, koma alowe pomviika, gel atapangidwa kale. Mukamuthira mu PVA musanaumitse, amaletsa madzi kuundana bwino ndipo gel amatuluka wofewa.

Kuchotsa. Popeza chomata ndi chitosan wogwirana ndi pH, asidi amamumasula. Acetic acid wa 1%, yemweyo amene anatidyera EDC mu Juni, tikamudonthetsa ndi sirinji pa mzere womwe ukumatuka, bandeji imatukuka popanda kukoka, bola mudikire asidi alowe musanapitirire. Madokotala a mabala a moto amamugwiritsa ntchito kale pa mabala omwe agwidwa ndi tizilombo ta Pseudomonas, ndiye si wachilendo m'wodi. Koma amaluma akafika pabala, ndipo anamwino anena mosabisa kuti pa ana safuna china chowonjezera ululu. Mpata wa 10 mm uja ukuthandizanso apa. Citrate tinamuyesa poganiza kuti adzachita ziwiri, kutsitsa pH ndi kulanda calcium, koma ali ndi chaji zingapo za negative ndipo amamanga chitosan m'malo momumasula. Pakhungu pamatsala zoyera zonanda. Tamusiya.

Za zopangira. Ena anatiuza kuti tiwonjezere gelatin kuti gel afewe. Gelatin wambiri wa mu labotale ndi wa khungu la nkhumba, ndipo pakati pa anthu athu a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku Asilamu ndi ambiri. Bandeji yomwe wodwala angaikane pa chifukwa chomveka chotere sitiifuna. Tikafuna gelatin adzakhala wa nsomba kapena wa ng'ombe, ndipo zidzalembedwa pa paketi. Chitosan wathu ndi wa zigoba za nkhanu ndi shrimp, ndiye funso la ziwengo lidzabwera. Alipo wochokera ku bowa, tikufunsa mtengo wake. Botolo lililonse latsopano la chitosan liyesedwe kaye, chifukwa kutalika kwa maunyolo ndi mlingo wa deacetylation (kuchuluka kwa magulu a amine) zimasiyana ngakhale dzina pa botolo lili limodzi.

Palibe chilichonse mwa izi chomwe chakhudza munthu, ndipo pasapezeke wotenga kachidutswa kukayesa pa m'bale kunyumba. Chotsatira ndi kuyesa pa maselo motsata muyezo wa ISO 10993-5: gel amviikidwe m'madzi olerera maselo kwa maola 24 pa madigiri 37, madziwo athiridwe pa maselo a mbewa otchedwa L929, ndipo amoyo akatsika pansi pa 70% gel walephera. Chitosan ndi buffer ziyesedwe paokha komanso pamodzi ndi gel. Kenako kuyabwa kwa khungu motsata ISO 10993-23. Zonsezi zikadutsa m'pamene tidzalembe pempho ku Medical Research Council of Zimbabwe.

Mwezi wa mawa: kuyeza kumata pa khungu lopakidwa thukuta lopangira ndi pa khungu lopakidwa Vaseline, popeza odwala ambiri amafika atadzola kale, kupinda kansalu komatidwa mobwerezabwereza poyerekeza chigongono ndi bondo, ndi kuona ngati chitosan angaumitsidwe pa mphepete mwa bandeji pasadakhale, kuti namwino asamanyamule botolo lachiwiri.